Kabati ya Ziro

Lamlungu, 9 Juni

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, kupatula bondo lamanzere limene likundikumbutsa zaka zanga. Amene wagwira cholembera ndi mnzanga telala wa khomo loyandikana, paja mukudziwa kuti ine ndi pensulo sitinapatsanepo moni chibadwire. Ndamuuza kuti alembe monga ndikulankhulira, asapete maluwa, si diresi iyi.

Ndikudziwa kuti mwana wanu Kadona wakuimbirani kale foni. Ndikudziwanso kuti mwandiimbira katatu ine osayankha. Sikuti foniyo inali kutali ayi. Nkhani ngati iyi pafoni munthu amakudula pakamwa, ndipo inu kudula anthu mawu munayamba musanamere mano. Choncho khalani pansi mumve mpaka kumapeto. Mwana wanu wachoka pakhomo panga, akukhala kwa mnzake, ndipo wapereka kalata kuntchito yoti kumapeto kwa mwezi uno asiya, apita kutali. Iye akuti chifukwa cha ine. Ine ndikuti chifukwa cha Tayi. Muweruze ndinu.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndakhala wasitolo pagalaja paja, kusunga zitsulo za magalimoto. Simunalowemo, ndiye ndikuuzeni mmene mulili. Mukalowa pakhomo, kukhoma kuli makabati anayi. Kabati iliyonse ili ndi mashelefu asanu ndi limodzi, ndipo shelefu iliyonse ili ndi mabokosi khumi. Onse pamodzi mazana awiri ndi makumi anayi, ndipo palibe limodzi limene sindidziwa za m'mimba mwake. Makabati ndimawerenga kuchokera pakhomo. Mashelefu ndimawerenga kuchokera pansi, chifukwa zolemera ndinaika pansi ndi zopepuka pamwamba, kuti chitsulo chisadzaswe munthu mutu. Makaniko akati, "Madala, bering'i ya kutsogolo," ine ndili chikhalire ndimangoti, "Kabati yachitatu, shelefu yachiwiri, bokosi lachisanu." Sindinaphonyepo. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ine wosapita kusukulu nyimbo yanga inali imeneyo.

Chaka chino abwana aakulu atayamba kudwaladwala anaika mkamwini wawo kuti aziyang'anira galaja. Amakaniko anamupatsa dzina loti Tayi chifukwa amamanga tayi pakati pa girizi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sabata yake yachiwiri anabwera pazenera la sitolo amakaniko onse ali pamzere, ndi kundipatsa pepala.

"Tawerengani apa, madala."

Ndinati, "Maso anga sawerenga mapepala, bwana, amawerenga zitsulo."

"Mwamva?" anatero potembenukira anthu. "Katundu yense wa kampani ali m'mutu mwa munthu wosatha kulemba dzina lake. Akagwa mawa ndi sitiroko, tikafukule kumanda kuti atiuze kumene kuli mabawuti? Tsobola wakale sawawa. Bweretsani makiyi."

Achemwali, makiyi amene anandiboola matumba a mathalauza onse ndinawapereka pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kusiyanitsa sipanala ndi pulayala. Anandiika pageti, kutsegulira magalimoto ndi kuthamangitsa agalu. Sindinalire, sindinatukwane. Ndinangosunga mumtima, monga ndimasungira zonse: pamalo pake, poti tsiku lofuna ndidzapeze.

Tsono onani mmene Mulungu amasekera. Tayi anafuna kuti sitolo yonse ilowe mu kompyuta, koma akatswiri enieni anawaona kudula. Anatenga Kadona, amene ine ndemwe ndinamupemphera malo kwa abwana aakulu atangomaliza kosi yake ya kompyuta ya miyezi isanu ndi umodzi ija. Ndiye kuti chikwanje chondidulira ine anachipereka m'manja mwa mwana wa mlongo wanga, wodya m'mbale imodzi ndi ine.

Mwanayo sindinamusungire chifukwa. Ndinkamuona akuvutika. Lamlungu lina masana ali pakhonde ndi kompyuta yake pamiyendo, ndinamva akuitukwana pansipansi.

"Yakulakwira chiyani?" ndinafunsa.

"Simungamve, amalume."

"Yesa. Makutu ndili nawo awiri ngati aphunzitsi akowo."

Anandionetsa timipanda titatu tondondozana, iye amati mabulaketi, ndipo m'kampanda kalikonse munali nambala. Telala akopere apa kuchokera pakapepala kamene ndinasunga: [2][1][4]. Anati sitolo yonse waiika m'chinthu chimodzi chokhala ndi zinthu zina m'kati mwake, zinanso m'kati mwa zimenezo, ndipo kuti upeze bokosi uyenera kutchula manambala atatu. Koma akafunsa bokosi lina, kompyuta imamukalipira kuti malo amenewo kulibe.

"Nambala yoyambayo ndi ya chiyani?" ndinafunsa.

"Ya shelefu. Ayi, dikirani. Ya kabati. Pena ndinalemba shelefu poyamba."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ungatsegule bokosi usanaime pakabati? Ukamafuna munthu m'tauni umayamba msewu, kenako nyumba, kenako chipinda. Ukayamba ndi chipinda ugogoda kwa eni ake. Waiuza kuti ipite ku kabati yachisanu pomwe makabati alipo anayi, ndiye ikukalipira bwanji osakukalipira? Chachikulu poyamba, chaching'ono pomaliza, ndipo usasinthe ngakhale tsiku limodzi."

Anandiyang'ana ngati waona mbuzi ikuyendetsa njinga. Anakonza, ndipo zinatheka. Koma panatsala china. Akafunsa shelefu nambala sikisi, imakanabe.

"Aphunzitsi anati tingoloweza kuti imayamba kuwerenga pa ziro," anatero. "Yoyamba ndi ziro, yachiwiri ndi wani. Chifukwa chake sanatiuze. Ine zimandizunguza mutu."

Ndinayamba kuyenda m'sitolo mwanga ndi maganizo. Kenako ndinaona.

"Kadona, ima pakhomo la sitolo. Kuti ufike pa kabati yoyamba, udumpha makabati angati?"

"Palibe."

"Ndiye ziro wakoyo. Kuti ufike pa yachitatu?"

"Awiri."

"Basi. Makina akowo safunsa kuti ndi yachingati. Amafunsa kuti ndidumphe angati. Mashelefu alipo sikisi, yapamwamba umaifika utadumpha asanu. Ukati idumphe sikisi ndiye waituma kudenga, kwa akangaude."

Anawerenga timipanda tija mokweza: dumpha makabati awiri, dumpha shelefu imodzi, dumpha mabokosi anayi. Ndinati, "Kabati yachitatu, shelefu yachiwiri, bokosi lachisanu. Bering'i ya kutsogolo." Achemwali, mwana wanu anadzuka ndi kuvina pakhonde, kompyuta ili m'manja. Anati, "Amalume, inu mukanapita kusukulu bwenzi tikukuonerani pa TV." Ndinati sukulu ndiyo ikanabwera kwa ine.

Masabata awiri, tikaweruka, ine ndinkatchula za m'bokosi lililonse kuchokera m'mutu, iye akulemba. Mabokosi onse, kuyambira pakhomo, kuyambira pansi. Ndinkadziwa kuti ndikukhuthula mutu wanga kuti Tayi adzautaye ngati chitini chopanda kanthu, koma ndinachita chifukwa cha mwana. Zimenezo muzikumbukire poweruza.

Tayi anakonza zoti Lachisanu aonetse ntchito yake. Abwana aakulu abwere, ndiponso mayi wina wa kukampani ya mabasi amene amafuna kuona ngati galaja yathu ndi yadongosolo asanatipatse mabasi awo kuti tizikonza. Chotsala chinali kumata timapepala ta manambala pa bokosi lililonse, kuti kompyuta ikatchula nambala munthu azingopita pomwepo. Kadona analemba malangizo papepala, kuti manambala ayambire pa ziro ndipo mashelefu ayambire pansi, ndi kulisiya patebulo la Tayi. Lachinayi Tayi anamutuma kutsidya la tauni kukagula nthambo za kompyuta, tsiku lonse. Timapepala Tayi anakadindisa yekha, ndipo anati amata yekha kuti pasakhale wolakwitsa.

Masana anandiitana kugeti. "Madala, bwerani mugwire makwerero. Imeneyi ndiye ntchito yosafuna sukulu."

Ndinagwira. Anakwera mpaka pamwamba pa kabati ya pakhomo, ndi guluu m'thumba la malaya. Zilembo sindidziwa, koma manambala ndakhala nawo moyo wanga wonse pazitsulo. Kapepala koyamba kanali wani, wani, wani, ndipo anakamata pa bokosi la pamwamba penipeni. Anayamba ngati akuwerenga nyuzipepala, kuchokera pamwamba kutsika, ndipo ziro panalibe paliponse.

Mawu anafika pakamwa, ndinawamva ndi lilime. Ndikanangoti, "Bwana, yambirani pansi, ndipo woyamba ndi ziro." Basi. Koma ndinayang'ana nsapato zake zonyezimira zili pafupi ndi mphuno yanga, ndinakumbukira za kumanda ndi mabawuti zija, ndipo mawuwo ndinawameza. Anatsika bwino ngati tiyi wa mkaka. Maola atatu ndinagwira makwerero amenewo, ndipo sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Pena ndinkamuuza kuti, "Apo kapendama, bwana, kawongoleni." Ndinkafuna kuti cholakwacho chikhale chooneka bwino.

Telala waima kulemba, akuti ndine mfiti. Lemba iwe, malaya ako okhota makolala ndinakunenapo?

Madzulo tikudya, Kadona anafunsa. "Amalume, munali pomwepo. Amata monga ndinalembera?"

Ndinati, "Idya, mwana, mawa uli ndi tsiku lalikulu."

Sindinaname. Mundimvetse bwino pamenepo, bodza silinatuluke pakamwa panga.

Lachisanu Tayi anasunga makiyi m'thumba mpaka alendo atafika, kuti atsegule yekha pamaso pawo, choncho mwanayo sanaone makabati. Anamukhazika patebulo la kunja kwa zenera ndi kompyuta. Ine geti ndinalisiya lotsegula theka ndi kuima pamene ndimatha kuona zonse. Tayi analankhula nthawi yaitali za masiku atsopano, kuti kale sitolo inkadalira kukumbukira kwa nkhalamba koma lero ngakhale mlendo atha kupeza chitsulo m'kuphethira kwa diso. Kenako anati mayi wa mabasi atchule chilichonse.

"Bering'i ya kutsogolo," anatero mayiyo.

Kadona anagogoda pa kompyuta. "Thuu, wani, folo."

Tayi anayenda ngati mkwati, kukwera makwerero pa kabati yachiwiri, shelefu ya pamwamba, ndi kutsitsa bokosi. Analitsegula pamaso pa mayiyo. Munali malabala a waipa, opukutira galasi la galimoto.

Mkulu wa amakaniko anatsokomola. Tayi anaseka, nati wina wasokoneza bokosi limodzi, atchule china. Anatchula mabuleki. Anabweretsa mababu. Thukuta linayamba kudontha pa tayi. Abwana aakulu anatsamira ndodo yawo nati, "Fyuluta ya mafuta."

"Ziro, fili, ziro," anatero Kadona.

Achemwali, ndikanakonda mukanaona. Munthu wa madigiri akuzungulira m'sitolo ngati nkhuku yodulidwa mutu, kufunafuna kabati ya ziro. Anayang'ana kuseri kwa chitseko! Mmodzi wa amakaniko anakuwa kuti, "Mwina ili m'thumba, bwana!" ndipo galaja yonse inaphulika. Mayi wa mabasi anabisa pakamwa ndi foni. Zaka zanga zonse sindinalawepo chokoma ngati mphindi imeneyo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinaonerera akutafuna.

Kenako anatembenukira mwana wanu.

"Ndi uyu! Ndi uyu watichititsa manyazi! Ndi zimenezi kulemba ntchito achibale a alonda, sukulu ya miyezi sikisi. Tenga chikwama chako, tuluka, usadzapondenso pano!"

Kadona anaimirira. Anati, "Ndinakusiyirani pepala, bwana," koma mawu ake sanafike patali. Anayamba kupinda nthambo zake, misozi ikugwera pa kompyuta, amuna makumi awiri akumuyang'ana.

Pamenepo ndinasiya geti. Ndinadutsa pakati pa anthu ndi kuima pakhomo la sitolo.

"Khala pansi, Kadona. Werenga nambala ija."

"Amalume, zisiyeni."

"Ndati werenga."

"Ziro, fili, ziro."

"Mayi," ndinatero kwa mlendo uja, "makinawa salakwa, ndipo mwanayu sanalakwe. Nambala ikunena zodumpha. Sindidumpha kabati, ndiima pa yoyamba. Ndidumpha mashelefu atatu kuchokera pansi. Sindidumpha bokosi." Ndinatulutsa fyuluta ndi kuiika m'manja mwawo. "Tchulani china."

Anatchula zinthu khumi. Kadona akuwerenga manambala, ine ndikudumpha ndi kutulutsa, ndipo zonse khumi zinali zomwezo. Pachisanu ndi chiwiri ndinauza mkulu wa amakaniko kuti ayese iye, asayang'ane timapepala, angowerenga zodumpha. Anapeza. Mayi uja anati, "Ndiye kuti pulogalamu ili bwino, olakwa ndi mapepala omatawa. Anamata ndani?"

Abwana aakulu anayang'ana mkamwini wawo. Kadona atanenanso za pepala lake, abwana anatuma munthu ku ofesi, ndipo pepala la Kadona linapezeka patebulo lili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakati. Munthu amene anandichotsa chifukwa chosawerenga mapepala, iyenso sawerenga mapepala.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo. Koma fisi akagwa m'mbuna amaluma chilichonse chili pafupi. Tayi anandiloza ndi chala.

"Madala awa ndi amene anagwira makwerero. Ngati amadziwa zonsezi, anaona ndikumata, maola atatu, osanena kanthu!"

Abwana aakulu anangoti, "Unawafunsa?" ndipo anthu anasekanso. Koma Kadona sanaseke. Anandiyang'ana.

"Amalume, munaona?"

Ndinati, "Ndinaona."

Anakhala pansi ndi kutseka kompyuta yake pang'onopang'ono.

Makiyi anandibwezera tsiku lomwelo, abwana aakulu ndi dzanja lawo. Mabasi tapatsidwa. Tayi analamulidwa kumatula timapepala tonse yekha, ndipo guluu anagula wabwino, moti anakanda ndi zikhadabo masiku awiri ine nditakhala pampando wanga ndikumuuza pamene patsalira. Tsopano amuika kuyang'anira matayala akutha kuseri, ndipo amakaniko asiya kumutcha Tayi, akumutcha Ziro. Akadutsa pazenera langa ndimamupatsa moni mwaulemu wonse, ndi kumufunsa ngati kabati ija anaipeza. Ndidzamufunsa mpaka tsiku limene adzanditsekere maso. Pa zimenezo musandipemphe chisoni, ndilibe, ndipo atabweranso ndi makwerero ndingagwirenso.

Kunyumba ndiye kunali mlandu. Ndinapeza akulonga zovala.

"Ntchito yako ilipo," ndinatero. "Abwana akuyamikira. Ndinakupulumutsa pamaso pa anthu onse."

"Munandiponya m'chitsime kuti anthu akuoneni mukundivuula."

"Ndinkafuna Tayi, osati iwe."

"Ndinakufunsani tikudya, amalume. Mukanandiuza, ndikanasintha mu kompyuta madzulo omwewo, ntchito ya mphindi khumi. Tayi mukumudziwa kuposa ine. Mumaganiza kuti zikavuta adzaloza ndani? Inu pageti?"

Ndinati mwana salankhula choncho kwa malume ake. Anati, "Pepani, bambo wasitolo," ndi kunyamula chikwama. Mpaka lero kuntchito amanditcha choncho. Timapepala tatsopano anamata yekha, ndipo mu kompyuta wakonza kuti izionetsa manambala oyambira pa wani kuti anthu asamazunguzike, ziro azikhala m'kati mwa makina mokha. Zimenezo sanandifunse nzeru. Ndinamva kwa amakaniko.

Telala akufunsa kuti ndiyankhe funso la mwanayo, ngati ndinkadziwa amene adzalozedwe. Munthu ameneyu ntchito yake ndi kulemba, koma chabwino. Ndili pansi pa makwerero paja nkhope ya Kadona inandibwerera, kamodzi. Ndinaiika pambali. Ndinati ndidzaiona pambuyo. Ndi zokhazo zimene ndinganene.

Tsono pempho langa ndi ili, achemwali. Mwanayu ali ndi mutu, ndipo pano wayamba kumera mizu. Abwana akufuna aikenso za matayala ndi za mafuta mu kompyuta. Kumene akufuna kupitako sadziwa munthu, ndipo ntchito yake ndi yongoyankha mafoni. Asataye zimenezi chifukwa chonyansidwa ndi nkhope yanga. Muuzeni abweze kalata ija mwezi usanathe. Ngati vuto ndi kundiona, ndikhoza kumadyera kuseri ndi kutseka zenera la sitolo iye akamadutsa. Ngati ngakhale zimenezo sizikwana, muuzeni kuti bondo langali likufuna kupuma kale, ndipo makiyi ndikhoza kuwasiya kwa abwana ndekha, ndi dzanja langa, popanda wondilanda. Koma zimenezi mumuuze pomaliza, zina zikakanika.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze asamaseke powerenga. Moni kwa ana onse ndi adzukulu, ndi kwa mayi oyandikana nanu aja amene anandisungira ambulera. Kwa Kadona musapereke moni wanga, angaubweze. Mungomufunsa ngati kumene akukhalako ali ndi bulangeti lokwanira, chifukwa lake lija analisiya pa chingwe ndipo kwayamba kuzizira. Ndinalichotsa, ndalipinda.

Telala wafunsa ngati alembe mawu oti ndinalakwa. Ndamuuza kuti asalembe, ine sindinapepesepo kwa mwana chibadwire. Koma ndikuona cholembera chake chikuyendabe nthawi yaitali kuposa mawu anga. Ngati walemba, ndi zake. Ine sinditha kuwerenga, ndipo sindimuuza kuti afufute.

Ndine mlongo wanu,
Wasitolo